Mphanda za Nkhokwe ya kwa Nguluwe

Padangokhala. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse, amene mwangokhala chete ndakuonani.

Tsiku limene nkhaniyi inayamba, pabwalo la kwa Nguluwe panali awa. Panali mfumu yathu a Nguluwe, munthu wosakana mawu a aliyense, ngakhale a anthu awiri otsutsana. Panali nduna yawo a Nyani, amene ankanyamula mawu a ife ang'onoang'ono kukawatula kwa mfumu. Panali a Nungu, osunga nkhokwe ya mudzi pamodzi ndi makwerero ake. Panali Nasakhwi, kamayi ka mphuno yaitali, kochepa ngati mbewa, ka ana atatu. Panalinso ife a kwa Nkhwali, ine ndi mbumba yanga, chifukwa mbiya yofululira mowa wa pabwalo inali yanga ndipo sindinkailola kuyenda yokha. Amene panalibe ndi a Mende, amuna ake a Nasakhwi, amene anali atagona. Chiswenso panalibe. Icho chokha m'mudzi monse ndi chimene chinali pantchito.

Malamulo athu anali awiri, ndipo tinkawanyadira ngati ana obereka tokha. Loyamba linkati pokolola banja lililonse lithire m'nkhokwe ya mudzi dengu lodzaza, koma njala ikafika ang'onoang'ono alandire ndi nsengwa, akuluakulu ndi dengu lomwe lija, pakuti mimba sizilingana. Lachiwiri linkati pabwalo ayankhule yekhayo amene mutu wake ufika pakamwa pa nkhokwe. Nkhokweyo inali pamwamba, pa mphanda zisanu ndi imodzi. Mutu wa a Nguluwe ndi wa a Nyani unkafika akaimirira ndi miyendo iwiri. Wa a Nungu sunkafika, koma iwo anali ndi makwerero.

Nasakhwi, malo omanga atatha m'mudzi, anamupatsa pansi pa nkhokwepo, n'kumuuza kuti athokoze, wapeza denga losafolera. Ndi pamenepo pamene ankagona ndi ana ake.

Tsiku limenelo anabwera ndi tsamba lokulunga, n'kugwada pamaso pa a Nyani, n'kupereka nthochi ziwiri zotsegulira pakamwa, monga mwa mwambo.

"Akuluakulu, kauzeni mfumu kuti nkhokwe ikugwa. Ufa uli m'tsambamu si wa chimanga, ndi wa mphanda. Ndimausesa pamphasa ya ana anga m'mawa uliwonse. Chiswe chadya mkati monse, kwatsala khungwa lokha."

A Nyani anasenda nthochi imodzi, n'kutembenukira kwa mfumu.

"Chalo, mayiyu akuthokoza chifukwa cha mthunzi. Akutinso mphanda zayamba kuonetsa ukalamba pang'ono."

"Si mmene ndanenera," anatero Nasakhwi.

"Mutu wako wafika pati?" anafunsa a Nungu.

A Nguluwe ananunkhiza ufawo n'kuyetsemula.

"Mayiyu wanena zoona. Nanga inu a Nungu mukuti bwanji?"

"Chalo, nkhokwe imeneyi anaimika ndi agogo athu. Inagwapo liti?"

"Nazonso ndi zoona. Nkhani yaikulu chonchi siikambidwa kukhosi kouma."

Ndiye a Nungu anakwera, n'kutapa chimanga cha mowa m'nkhokwe momwemo. Tinadikira chimera kuti chimere, tinadikira mowa kuti upse, ndipo utapsa tinaiwala chimene tinaufululira. Tinaimba nyimbo ya mudzi. Nyimbo yake inali yosavuta. Wotsogolera ankatchula zaka zonse zimene nkhokwe inapirira, chaka cha dzombe, chaka cha mphepo, chaka cha moto, ndipo ife tinkavomera kuti chimene chinaima dzulo chidzaimanso mawa. Pa mawu omaliza tinkaponda pansi kawiri. Ndisakunamizeni, mawu okwera amene ankamveka pamwamba pa onse anali anga.

Nasakhwi anaona kuti m'mudzi uno zoona zilibe miyendo. Anaboola mphanda ya kum'mawa ndi mano, ndipo sizinamuvute, chifukwa chiswe chinali chitamugwirira kale ntchito yambiri. Pa bwalo lotsatira, a Nyani ali mkati moweruza mlandu wa malire a munda, iye analowa m'mphandamo n'kuyankhula ndi mawu aakulu onjenjemera, ngati a nkhalamba ya m'phanga.

"Ndatopa. Ine gogo wanu amene ndinaimika nkhokwe ino, ndasenza zaka zambiri, msana watha. Mukapanda kundilandira ndi mphanda zatsopano, nditula katunduyu pamitu panu."

Tinabalalika. Ine ndinakapezeka m'chitsamba ndi mwana wa eni ake m'phiko, anga nditawasiya pabwalo. A Nungu anaimitsa minga yonse n'kubaya alamu awo. Titabwerera, palibe amene anafunsa ngati mutu wa munthu wakufa umafika pakamwa pa nkhokwe. Tsiku lomwelo tinalonjeza mphanda zisanu ndi imodzi, ndipo mawa lake nkhwangwa zinalira. Pofika madzulo zinayi zinali pabwalo, za muwanga, zowongoka bwino. Nkhwangwa yanga, imene anabwereka a Nyani, inabwerera yopanda mpini.

Pamenepo panabuka funso. Dzenje loyamba akumbe ndani, a banja la mfumu kapena a banja losunga nkhokwe? Nkhaniyo inatalika, ndipo a Nguluwe atatopa ndi kuima anakhalira mphanda imodzi. Anamva msana wawo ukupuma. Mawa lake akuluakulu onse anakhalira mphanda, ndipo pakutha pa sabata zinali zitasemedwa pamwamba kuti zisamapweteke.

Nasakhwi analowanso m'mphanda yobooka ija.

"Mphanda zanga zili kuti?"

Ulendo uno palibe anathawa. A Nyani anangogwada ndi bondo limodzi, ali chikhalire.

"Gogo, tadula, mukuziona nokha. Tikungolongosola za dzenje. Pakali pano landirani aka."

Anathira chipanda chonse cha mowa m'bowo la mphandayo. Mzimu unatsokomola kawiri n'kukhala chete. Nasakhwi anatulukira kumbuyo, masese ali m'makutu, akuyenda chopendekeka, ndipo palibe anamuona chifukwa tonse tinali titaweramitsa mitu.

"Mwaona," anatero a Nungu, "linali ludzu chabe."

Tinaimba nyimbo ija, n'kuponda pansi kawiri.

Mowa utamuchoka m'mutu, Nasakhwi anadzutsa amuna ake.

"Abambo ake, pali ntchito imene mungaithe kuposa aliyense m'mudzi muno."

"Ndi yoimirira?"

"Yogona."

"Nenani."

Anawagoneka pamphasa, n'kuwafunditsa nsalu kuyambira kumutu, n'kuika chidutswa chowola cha mtanda wa nkhokwe pachifuwa pawo. Atatero anayamba kulira maliro, kuti nkhokwe yamuphera mwamuna.

Tinabwera tonse. Maliro ndiye timawadziwa ife. Wamoyo tingamumane ndi madzi omwe, koma wakufa timamuphikira nyemba. A Nguluwe analira misozi yeniyeni.

"Mkamwini wathu wafa imfa ya mudzi wonse. Tikangochoka kumanda, tiimika mphanda. Ndanena ine."

A Nungu anatapa madengu awiri odyetsa olira. A Nyani anayamikira malemu kuti anali munthu wakhama, amene dzuwa silinamupezepo pamphasa. Nasakhwi anasiya kulira n'kuyang'ana uku ndi uku, ngati pali maliro ena amene sanauzidwe.

Zikanatheka ndithu tsiku limenelo, pakanapanda katundu. A Nyani anati popeza abale a mkamwiniyu ali kutali, katundu wa malemu asunge ndi nduna. Anatenga khasu, malemu ali chete. Anatenga chikwanje, malemu ali chete. Atagwira kaliwo wa fodya, nsalu inagwedezeka.

"Khasu tengani, silinandithandizepo. Kaliwoyo musiyeni."

Tinabalalikanso, koma pobwerera tinabwera ndi ukali. Chimene chinatipweteka si bodza ayi, koma kuti maliro anatha nyemba zisanapse. Mlandu unaweruzidwa pomwepo. Nasakhwi abweze madengu awiri aja, aonjezepo limodzi lopukutira misozi ya mfumu.

"Ndiye mwaona nonse," anatero a Nungu. "Nkhokwe imeneyi sinaphepo munthu."

Nyembazo tinadyabe, chifukwa sizikanabwerera m'munda. Nyimbo tinaimba kuposa masiku onse, ndipo poponda pansi a Mende nawonso anaponda.

Chaka chimenecho chimanga chinabereka modabwitsa, ndipo tsiku lothira m'nkhokwe linali litatsala masiku asanu. Nasakhwi madengu atatu a mlandu analibe. Anaganiza kuti popeza ikufuna ndi nkhokwe, ilipire ndi nkhokwe yomwe. Anaboola pansi pake, pamwamba pa mphasa yake penipeni, n'kutchera lichero. Munagwa zitsononkho. Anatokosa ndi kamtengo, munagwa makoko. Anatokosa tsiku lonse, munagwa munga wa nungu ndi makoko a nthochi, koma njere ya chimanga ngakhale imodzi.

Anabwera kwathu, ine ndikupeta.

"Mayi, mukudziwa chimene chaimitsa nkhokwe ija zaka zonsezi? Mulibe kanthu. Chimanga chili pamwamba pokha, chophimba m'maso. Mphanda zija zasenza makoko. Mukathiramo madengu anu onse a chaka chino, ana anga ali pansi."

"Nanga osangosamuka bwanji?"

"Ndipite kuti? Malo onse ali ndi eni. Kuseri kwanu kuno ndinapemphako kawiri."

Zimenezo zinali zoona, ndipo sindinazikonde. Ndinamuuza kuti za m'nkhokwe ndi nkhani za akuluakulu, n'kumupatsa mtedza utatu kuti azipita. Anauyang'ana mtedzawo m'manja mwake kwa kanthawi. Kenako anafunsa ngati ana ake angadzasewere kwathu pa tsiku lothira. Ndinavomera, poti kusewera sikudya ufa.

M'mawa wa tsikulo anabweretsa anawo. Anali atauza a Mende kuti kwa Nkhwali kwatsala mowa wa dzulo, ndipo iwo anafika kwathu asanafike ana. Kenako Nasakhwi anapita kwa a Nungu, n'kugwada, n'kuwaonetsa mtedza umodzi.

"Ndabwera kudzathokoza, akuluakulu. Mtedza umene a Nyani amabisa pansi pa makoko m'nkhokwemu umagwera kwathu. Ana akunenepa."

"Mtedza wanji?"

"Kodi simukudziwa? Pepani, ndimayesa mumagawana."

Wachiwiri anakaonetsa a Nyani, n'kutchula a Nungu. Wachitatu anakaonetsa mfumu, n'kutchula onse awiri. Palibe mwa atatuwo amene anati ndi bodza. Aliyense ankamudziwa mnzake.

Dzuwa lili pamutu tinandanda ndi madengu athu. A Nungu anati asanathire ayambe aona mkati ngati muli bwino, n'kukwera, n'kulowa. A Nyani anati ntchito yotere imafuna mboni, n'kulumphiramo. A Nguluwe, amene chibadwire anali asanakwerepo chinthu, anati mfumu siitsalira pa ntchito ya mudzi. Makwerero analira, koma anafika, n'kugweramo chamutu.

Mkatimo tinayamba kumva kufukula.

"Mukukumba chiyani, achimwene?"

"Ndikusalaza."

"Ndi zikhadabo?"

"Nanga inu Chalo, mphunoyo ikufuna chiyani pansi pa mapazi anga?"

"Tasunthani, ndione chimene mwapondacho."

Ife kunja tinayesa ndi mwambo watsopano, ndipo mwambo wopanda nyimbo sukoma. Ndinayambitsa ndine. Ndinatchula chaka cha dzombe, ndinatchula chaka cha mphepo, ndinatchula chaka cha moto, anzanga n'kuvomera za dzulo ndi mawa. Titaponda koyamba, mphanda ya kum'mawa inagwada. Kachiwiriko inatipondera ndi nkhokwe.

Inagona chammbali, pamwamba pa nyumba ya Nasakhwi, n'kung'ambika mimba. Munatuluka zitsononkho, makoko, fumbi, ndi miyendo yakumbuyo ya mfumu. Palibe anafa. A Nyani anali ndi minga isanu ndi iwiri m'malo okhalira. Chimanga chonse cha mudzi, cha zaka zonse zimene tinkathira dengu n'kulandira nsengwa, sichinadzaze lichero langa.

Tinangoima, madengu ali pamutu. Nasakhwi anayenda pang'onopang'ono mpaka pakamwa pa nkhokwe, pamene tsopano panali pa dothi, n'kulowetsapo mutu wake.

"Mutu wanga wafika."

"Lamulo likunena nkhokwe yoima," anatero a Nyani ali mkatimo.

"Tchulani pamene linanena choncho, akuluakulu."



"Mayiyu wanena zoona," anatero a Nguluwe, mutu uli m'makoko. Ulendo uno panalibe wowauza zoona zina, chifukwa a Nungu anali pansi pawo.

Ndiye tinayamba kupita mmodzimmodzi kukagunditsa mitu. Anapita Chule, anapita Nkhono, ndinapita ine. Ena atagunditsa anapeza kuti alibe chonena, anangofuna amveko mmene zimakhalira. Koma zimene zinakanika zaka zonse zija zinatheka dzuwa lisanapendeke. Dengu likhale limodzi, lothirira ndi lolandirira. Nkhokwe yatsopano ikhale yaifupi, kuti aliyense wodutsa azisuzumiramo. Pabwalo ayankhule aliyense amene ali ndi pakamwa. Mowa uzibwera ntchito itatha. Lomalizali linavuta, ena analira, koma linadutsa.

Nasakhwi anaonjeza lake.

"Wosunga nkhokwe azigona pansi pake ndi banja lake, kuti ufa wa mphanda uziyamba kugwera pamphasa yake."

Tinalulutira. Lamulo lanzeru chotero tinali tisanalimvepo. A Nguluwe, atawatulutsa, anafunsa kuti tsono wosunga akhale ndani, popeza a Nungu ntchito yawathera. Aliyense anayang'ana mapazi ake. Kenako maso anayamba kuyenda, mpaka onse anakaima pa Nasakhwi.

"Wazolowera kale," anatero wina kumbuyo.

Winayo ndinali ine.

Nasakhwi anatembenukira kwa ine.

"Ndamva, mayi. Ndigonapo. Koma mundimangire nyumba yanga imene yaphwanyikayi, ndipo banja lililonse lizibweretsa mphanda imodzi chaka chilichonse tisanakolole, kuti yodyedwa izichoka isanagwade."

Tinavomera tonse ndi mtima umodzi. Mipando inayi ija tinaichotsa pansi pa akuluakulu, mphanda zina ziwiri zinadulidwa tsiku lomwelo, ndipo dzenje loyamba anakumba amene anali pafupi ndi khasu. Patangopita masiku atatu nkhokwe yatsopano inaima, n'kudzaza mpaka pakamwa. Chaka chimenecho njala itafika ndinalandira ndi dengu koyamba, ndipo linandikanika kusenza.

Tsiku lina ndinamufunsa, tili awiri.

"Kodi iwe Nasakhwi, sizikanatheka zonsezi osagwetsa?"

"Zikanatheka. Mitengo inalipo, nkhwangwa zinalipo, manja analipo. Ndinakuuzani katatu."

"Ife sitinamve bwino."

"Munkaimba, mayi."

"Nanga ikanapha munthu?"

"Ikanapha anga, mukanaphika nyemba."

Ndinabwerera ku zopeta zanga.

Nthano yathera pamenepa. Mbatata ili pamoto muphule nokha, ine ndili ndi zotsala zoti nditchule, chifukwa papita zaka zitatu ndipo anthu akuyamba kuyenda ngati anamaliza.

A Nungu anauzidwa kubweza madengu khumi. Abweza awiri, ndipo limodzi pansi pake panali makoko. A Nyani anapatsidwa ntchito yophikula nkhokwe ndi dothi kuti anankafumbwe asalowe. Anamata mbali yoyang'ana kunjira, yakuseri akuti adikira mabala apole. A Nguluwe analonjeza nyumba ya Nasakhwi. Khoma limodzi laima, ndipo akakumbutsidwa amati wokumbutsayo wanena zoona. Mphanda za chaka ndi chaka, chaka choyamba tinabweretsa tonse, chachiwiri theka, chino wabweretsa Chule yekha, ndipo ndi bango. Nasakhwi ana ake tsopano ndi asanu, onse akugona pansi pa nkhokwe yodzaza, ndipo akuti m'mphanda ziwiri mwayamba kumveka kutafuna. Wanena pabwalo ndi pakamwa pake, popanda womunyamulira mawu, ndipo tonse tinamva bwinobwino n'kumuwombera m'manja.

Kwa Nkhwali kwatsala mphanda ziwiri, ya chaka chatha ndi ya chaka chino. Mtengo wake ndinausankha kale, ndikuudziwa pamene uli. Ndikadula ndikaona kuti nkhokwe yayamba kupendekeka.